Kuvotera aphungu a ku Annapolis: fomu yanga ya chipani inagona m'kabati

Ngati muli ku Maryland ndipo unzika wa America munaupeza, musadikire chisankho chachikulu cha mu Novembala. Lowani pa webusaiti ya zisankho ya state lero lomwe muone zimene zalembedwa pa dzina lanu: adiresi, nambala ya dera, ndi chipani. Cha chipanichi ndi chimene chinandidyera tsiku lathunthu la ntchito mu 2022, ndipo ine ndimalipidwa pa ola, ndiye mudziwe kuti ndalama inapita.

Maryland anaigawa m'madera 47. Dera lililonse limatumiza seneta mmodzi ndi ma delegate atatu ku nyumba ya malamulo ku Annapolis, onse pamodzi 188, ndipo amakumana masiku 90 okha kuyambira Lachitatu lachiwiri la Januwale. Madera ena anawaduladula kukhala A, B ndi C, moti mwina inu muzisankha delegate mmodzi kapena awiri basi. Onsewa amasankhidwa kamodzi pa zaka zinayi, chaka chimodzimodzi ndi bwanamkubwa. Koma nkhani ili apa: m'madera ambiri chipani chimodzi ndicho chimatenga mipando yonse popanda kutuluka thukuta, ndiye phungu wanu amadziwika pa chisankho chachipulula. Pofika Novembala mumangokasainira zimene ena anamaliza kale. Tsono chipulula cha kuno n'chotsekera akunja. Ngati m'kaundula mulibe chipani, pepala limene amakupatsani limangokhala ndi mipando yopanda chipani, monga ya bodi ya sukulu.

Ine tsiku lolumbira unzika ndinalembetsa wopanda chipani, ndipo nditafuna kuvota nawo pa chipulula ndinadzaza fomu yosinthira n'kukaipereka ndi manja anga ku ofesi ya zisankho ya m'kaunti mwathu, nthawi ikadalipo yambiri. Lamulo limati kusintha chipani kumatsekedwa kutatsala masiku 21 kuti chisankho chichitike, ndipo chaka chimenecho, poti chipulula chinali pa 19 Julayi, tsikulo linali pa 28 Juni. Mnyamata wa pawindo anadinda fomuyo, ine ndinaijambula pa foni chidindo chikuoneka, iye n'kuiponya m'thireyi ya waya imene inali itadzaza kale mpaka mapepala kulendewera. Khadi latsopano silinabwere. Ndikaimba foni yankho linali lomwelomwelo: makalata akuchedwa chifukwa cha mapu atsopano a madera, dikirani. Ndinadikiradi, mpaka 28 Juni inadutsa, pa intaneti pakulembedwabe kuti ndilibe chipani.

Tsiku limene ndinapitako ndi limene limandiwawa. Ndinafika akutsegula kumene. Mayi wa pawindo anayang'ana pa kompyuta nati, "Pano pakuonetsa kuti mulibe chipani, ndipo nthawi yosinthira inatha." Ndinawaonetsa chithunzi. Anachiyang'anitsitsa, anakulitsa ndi zala pamene pali deti, kenako anati amene amaona za mafomu apita kukaphunzitsa anthu ogwira ntchito pa malo ovotera, ndibwere masana. Kubwerera kunyumba sikukanatheka, mabasi ake awiri. Ndinakhala pa mpando wapulasitiki moyang'anizana ndi mapu aakulu a madera omwe anapachika pakhoma, ena opindikapindika ngati matumbo a nkhuku. Masana bamboyo anabwera, analowa kuseri, anatuluka chimanjamanja. Fomu yanga sanaione, koma sanakanenso kuti chidindocho n'chawo. Mawu awo omaliza: mukavote ndi provisional ballot (voti yoyembekezera kutsimikizidwa), tidzaunika pambuyo. Zimenezi akanatha kundiuza pa foni m'mphindi ziwiri! Palibe ngakhale mmodzi amene anati pepani.

Choncho fomu iliyonse imene mwapereka, ijambuleni chidindo chili pomwepo. Kapena sinthani pa intaneti n'kusunga uthenga wotsimikizira. Ndipo musakhulupirire za kuti khadi likubwera, kaoneni nokha m'kaundula masiku 21 aja asanakwane. Kulembetsa koyamba amalola ngakhale tsiku lovota lenilenilo mukabwera ndi umboni wa kumene mukukhala, koma chipani sasintha pa tebulo.

Ndayiwala za mapu aja. Pambuyo pa kalembera wa anthu wa 2020 malire a madera anadulidwanso, anthu anakasuma, ndipo khoti lalikulu la state linasuntha chipulula kuchoka pa 28 Juni kupita pa 19 Julayi. Msewu wathu unagwera dera lina ife osasamuka. Delegate amene ndinkamudziwa nkhope, yemwe timapepala take tinkadzaza bokosi langa la makalata, pa pepala langa lovotera panalibe dzina lake. Ndinachita kuyamba mwatsopano kufufuza kuti anthu awa ndani. N'chifukwa chake ndikuti nambala ya dera muionenso, ngakhale mwakhala nyumba yomweyo zaka khumi.

Kuvota kwenikweniko sikunavute. Ndinapita pa masiku ovota msanga, omwe anali pa 7 mpaka 14 Julayi, chifukwa nthawi imeneyo mumaloledwa kupita malo alionse a m'kaunti mwanu, pomwe tsiku lenilenilo muyenera kupita kumene anakuikani. Wa provisional amamukhazika pa tebulo lapadera. Mumadzaza fomu ina, mumachonga, pepalalo osalilowetsa m'makina ngati anzanu, koma m'envulopu. Zimachititsa manyazi pang'ono, anthu a pamzere amakuyang'anani ngati mwagwidwa ndi kanthu. Pa ma delegate, werengani pamwamba kuti akuti musankhe angati. Ngati ndi atatu mutha kuchonga mmodzi kapena awiri voti n'kukhalabe yabwino, koma mukachonga anayi mwaononga mpikisano umenewo. Ma envulopu a provisional aja amawatsegula patapita sabata ndi masiku, ndipo chaka chimenecho ngakhale mavoti a papositi sanayambe kuwawerenga mpaka Lachinayi pa 21 Julayi, moti mipikisano ina inatenga nthawi kuti idziwike. Pambuyo pake ndinaona pa intaneti kuti voti yanga inawerengedwa, chipani chitakonzedwanso mwakachetechete. Ndiye kuti fomu ija inalipo ndithu penapake.

Abale a green card, inu amene muli ndi chilolezo chokhala kuno koma simunakhale nzika, chonde, izi si zanu. Mukafunsidwa za kulembetsa voti potenga laisensi yoyendetsera galimoto, kanani. Matauni ochepa ngati Takoma Park amalola osakhala nzika kuvota pa zisankho za tauni yokha, koma za ku Annapolis n'za nzika basi, ndipo kulembetsa molakwika kutha kukuonongerani mapepala onse.

China chimene ndinadzamva mochedwa n'chakuti phungu akatula pansi udindo pakati pa ulendo, simuitanidwa kukavotanso. Komiti ya chipani chake ndiyo imasankha dzina, bwanamkubwa n'kumuika pampando mpaka chisankho chotsatira. Zimenezi sizindisangalatsa m'pang'ono pomwe. Komabe ofesi zawo muziziimbira, maka amene muli ndi ana opita ku koleji, chifukwa seneta ndi ma delegate ali ndi thandizo la fizi limene amapereka kwa ophunzira a m'dera lawo. Funso loyamba limene adzakufunseni ndi adiresi, kuti aone ngati muli awo.