Sindinamwe, ndinangolawa

Kavidiyo kamene mlamu wanga akumwaza pa WhatsApp kayambira pakati, ndiye ndiloleni ndilongosole nkhaniyi isanawapeze amayi ku Nkhotakota. Inde, amene akulavula uku akutukwana m'zinenero zitatu ndi ineyo. Koma zoti ndinamwa madzi a m'chimbudzi cha boti ndi bodza lamkunkhuniza.

Botilo ndi la matanga, la m'zaka za m'ma 1970, limakhala pa doko ku Hout Bay, kufupi ndi Cape Town ku South Africa. Eni ake ndi mdala wina amene ankadandaula kuti mvula ya mu June ikangoyamba, madzi amawadonthera pa pilo. Akapitawo athu okonza maboti anali atapita ku Saldanha. Ine mwana wakunyanja, ndilephere kupeza podontha?

Achimwene amene mukuseka kwambiri inu, deki ya maboti amenewa, denga lija timayendapo pamwamba pa boti, simukuidziwa. Pamwamba ndi faiba, pulasitiki wolimba wopangira maboti, pansi ndi faiba, pakati anaikapo balsa, mtengo wopepuka uja wa ku Ecuador. Ikakhala youma ndi yolimba zedi. Koma bawuti iliyonse imene inaboola dekiyo, kaya ya tizitsulo ta mpanda wam'mbali, kaya ya zitsulo zomangapo mawaya a mlongoti, imayamba kulowetsa madzi zomatira zake zikakalamba. Madziwo akalowa satulukamo, balsa imangowola chamumtima. Choipanso n'chakuti pamene pakudontha si pamene madzi akulowera, amayenda kuseri kwa siling'i n'kukatulukira kwina.

Ndiye ndinakwawa deki yonse ndikugogoda ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Pabwinobwino pamalira kuti ngwe ngwe, powola pamangoti phu phu. Nthawi yonseyi mlamu, amene ndinamutenga kuti adzandithandize, ndikati go go go iye n'kumayankha kuti, "Eee, fikani!"

Chakumanzere, pafupi ndi chitsulo cha mlongoti, panalira phu, ndipo ndikapondapo pamafewa. Kamakina koyezera chinyezi kanakuwa, koma kameneko kamakuwanso kakangoyandikira chitsulo, sungakadalire. Umboni weniweni ndi kuboola kabowo kuchokera mkati n'kuona zotuluka. Zikakhala zoyera ndi zouma, thokozani Chauta. Zikakhala zakuda ndi zonyowa, eni boti agwire chikwama.

Ndinagona chagada pa bedi la mdala, malo opanikiza moti siling'i inali pamphuno penipeni. Manja onse ali pa dirilo, tochi ndinailuma ndi mano. Kenako ndinakuwa, mmene munthu woluma tochi angakuwire, kuti, "Alamu, gogodani pofewa paja ndidziwe poboola!" Iye akuti anamva "pondani". Munthu wake mukumudziwa, nsima sanyengerera. Dirilo itangotulukira mu faiba, iye anali ataima pamenepo ndi miyendo yonse, n'kumadumphadumpha kuti ndimve bwino.

Abale, madzi amenewo analowa m'dekimo ine ndisanabadwe. Sanafulumire ayi. Anatsika ndi dirilo, n'kudumphira pa tochi, n'kuitsata mwaulemu mpaka kumapeto kwake, kumene kunali ineyo. Ofunda, abulawuni, okhala ndi timisere, fungo lake ngati thobwa loiwalika m'chigubu chaka chatha. Kutseka pakamwa sindikanatha, munali tochi. Kutembenuka sindikanatha, phewa linali litakanirira pa kabati. Kukuwa ndinayesa, koma kukuwa kumatsegula kukhosi. Mlamu akadumpha kamodzi, ine ndalandira kapu. Ndinaona moyo wanga wonse ukudutsa, mpaka ngongole za anthu amene ndinawaiwala kalekale. Ndipo atamva phokoso sanatsike kudzandithandiza, anasuzumira pa windo foni ili m'manja.

Tsono mvetsani apa. Amalinyero enieni amalawa madzi akawapeza m'boti. Akakhala amchere ndi a m'nyanja, vuto lili pansi. Akakhala opanda mchere ndi a mvula, vuto lili pamwamba, ndipo a mvulawo ndi amene amawoletsa mtengo msanga. Anga analibe mchere. Ndiye kuti ndinayeza molondola, kungoti muyezo unachulukirapo pang'ono.

Akapitawo atabwera anacheka faiba yapamwamba, balsa tinachita kuikomba ndi supuni. Tinaika yatsopano ndi guluu wolimba wotchedwa epoxy, mabowo a mabawuti tinawakulitsa, n'kuwadzaza epoxy, n'kuwaboolanso kuti madzi asadzafikenso ku mtengo. Akapitawowo sanandiyamikire, amangoti akandiona n'kundifunsa ngati ndamwa kale tiyi.

Mvula itagwanso mdala anaimba foni kuti pa pilo pakudonthabe. Amenewo akuti akuchokera pa windo. Tidzaona Lolemba, ndipo wolowa mkati ndi mlamu.