Ndakatulo Zitabwerera pa Siteji ku England

Teremu ino tikuwerenga masewero a Chingelezi olembedwa mwandakatulo. Shakespeare tonse tinamumvapo kusekondale, ndiye amene andikoka mtima ndi omwe anayesa kuutsitsimutsa mwambowu m'zaka za m'ma 1900, pomwe zisudzo za ku London zinali zitazolowera malankhulidwe a tsiku ndi tsiku.

Poyamba tchalitchi ndi chomwe chinathandiza kwambiri. Mu 1935, pa chikondwerero cha ku Canterbury, anaonetsa Murder in the Cathedral ya T.S. Eliot, nkhani ya akibishopu Thomas Becket yemwe anaphedwera m'tchalitchi chachikulu cha komweko mu 1170. Kumeneko ndakatulo inakhala pamalo pake, poti makutu a omvera anazolowera kale masalimo ndi mapemphero. Zinavuta Eliot atafuna kuilowetsa m'nyumba za anthu amasiku ake. Mu The Cocktail Party ya 1949 anaifewetsa dala, kuti womvera asamazindikire n'komwe kuti akumva ndakatulo. Seweroli linapanga ndalama ku New York, komabe ine poliwerenga ndimangodzifunsa kuti ukabisa ng'oma m'thumba, anthu avinira chiyani?

Christopher Fry yekha sanabise kanthu. Mawu a mu The Lady's Not for Burning ya 1948 ndi okometsera mwina mopyola muyezo. Kenako mu 1956 John Osborne anabwera ndi Look Back in Anger ku nyumba ya zisudzo ya Royal Court ku London, mnyamata wolusa akulalata m'kachipinda kalendi, ndipo anthu anatembenukira kumeneko.

Amene anadzabwera pambuyo ndi omwe ndikuwagomera. Caryl Churchill mu 1987 analemba Serious Money, yonyoza ochita malonda a masheya ku London, mizere yake yothera mofanana, yothamanga ndi dyera la eni akewo. Mike Bartlett mu 2014, Mfumukazi Elizabeth II ikadali moyo, analemba King Charles III. M'menemo Charles wangolowa ufumu, ndipo akukana kusainira lamulo lochepetsa ufulu wa atolankhani. Bartlett anatenga kayendedwe ka mizere ka Shakespeare poyera, anaikamo ngakhale mzukwa wa Diana. Munthu wa ku England akamva mfumu ikuyankhula motero amakumbukira Richard II ndi Lear, mafumu a m'masewero a Shakespeare omwe anataya mpando, ndiye amayamba kumudera nkhawa Charles nkhani isanafike patali.

Mu ntchito yomwe aphunzitsi atipatsa ndasankha kuyerekeza Eliot ndi Bartlett, ndipo ndaima kumbali ya Bartlett.