Sabata ya injini zowira pa galaja ku Ulongué

Okotobala akafika, magalimoto ambiri obwera pa galaja vuto lake ndi kuwira. Lolemba kunabwera Toyota Dyna yakale yonyamula kachewere kuchokera ku Tsangano kupita ku Tete. Potsika imayenda bwinobwino, koma pobwerera itasenza simenti, ikangodutsa Moatize n'kuyamba zitunda za ku Zóbuè, singano yoonetsa kutentha kwa injini imathamangira kofiira. Mwini wake anali atagula kale gasiketi ya hedi, yomwe imatseka pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake, koma sitinafulumire kumasula. Injini itazizira tinatsegula chivundikiro cha lediyeta, n'kuiliza, n'kuyang'ana ngati madzi akutulutsa thovu losalekeza. Analibe, ndipo oyilo sanali wotuwa ngati tiyi wamkaka. Gasiketi inali yabwino.

Zolakwika zinali zitatu. Labala wa chivundikiro anali atang'ambika, choncho sichimagwira mphamvu yopanikiza ya 0.9 bar yolembedwa pamwamba pake, ndipo madzi opanda mphamvu yowapanikiza amawira msanga. Lamba wa fani ukamudina ndi chala amalowa kwambiri, pomwe ayenera kulowa pafupifupi mamilimita 10 basi. Chachikulu chinali m'kati mwa lediyeta: pogwira ndi dzanja injini itatentha, mbali zina zinali zozizira. Timachubu tinali titatsekeka ndi zoyera zouma za madzi a pamjigo. Tinachotsa thanki yapamwamba n'kutsukuluza kachubu kalikonse ndi kachitsulo kopyapyala. Kuwonjezera apo, thermostat, kachipangizo kotsekera madzi mpaka injini itatentha, anali ataitaya kalekale, chizolowezi chomwe chimandinyansa, chifukwa m'mawa wozizira wa kuno ku Angónia injini imachedwa kutentha ndipo imadyeka. Yatsopano tinayamba taiviika m'madzi otentha, n'kuona kuti ikutseguka cha pa madigiri 82.

Lachiwiri linathera pa mabuleki.

Lachitatu kunabwera thalakitala ya Massey Ferguson 290, ya injini ya Perkins. Getsi la oyilo limaphethira ikalima kwa ola limodzi. Getsi lokha silodalirika, nthawi zambiri yofa imakhala switchi. Tinaimasula n'kumangapo geji ya singano yoyezera mphamvu ya oyilo. Injini ili yozizira inaonetsa 3 bar, itatentha n'kumalira pang'onopang'ono inagwa pansi pa theka la bar. Apa ambiri amathamangira kunena kuti mabering'i atha. Koma pa dipisitiki oyilo anali atapyola mzere wapamwamba, chonsecho mlimiyo sanathiremo wina. Anali wopyapyala, akununkha dizilo. Labala wa m'kapampu kokoka dizilo, kam'mbali mwa injini, anali atabooka, dizilo n'kumadonthera m'sampu, mbale ya oyilo ya pansi pa injini. Oyilo wosukuluka sagwira mphamvu, ndipo akatentha amasanduka ngati madzi.

Tinasintha kapampuko, fyuluta, n'kuthira oyilo watsopano wa 15W-40. Sampu tinaitsitsanso, chifukwa kasefa ka paipi yokokera oyilo kamatsekeka ndi zidutswa za silikoni amene anthu amapaka mopyola muyeso. Tinazipezadi. Lediyeta tinaiuzira ndi mpweya kuchokera mbali ya fani, mankhusu ndi fumbi zinali tho. Itatenthanso, geji inakhazikika pamwamba pa 1 bar.

Lachisanu tinapita kukaona injini ya chigayo ya silinda imodzi. Madzi oziziritsa injiniyo amazungulira okha kudzera mu mgolo, popanda pampu. Anali atatsika pansi pa paipi yapamwamba, kuzungulira n'kuima. Tinadzaza mgolowo, n'kuuza mnyamata wa pachigayo kuti azionetsetsa m'mawa uliwonse kuti paipiyo yamira m'madzi asanapukuse handulo.