Lero ndazungulira masukulu mpaka mapazi kutupa

Lachiwiri usiku, Chinamwali, ku Zomba. Ndangofika kumene, mapazi ali ngati mandasi, koma ndati ndilembe kaye ndisanagone poti mawa ndidzuka nditaiwala theka.

Nkhani ndi ya digiri ija. Dipuloma ya akaunti ndinamaliza kalekale, zaka zonsezi ndangokhalira kulemba mabuku a golosale ya amayi ndi kusanja malisiti a kushopu kwa amalume, ndiye chaka chino ndati basi, ndibwerere m'kalasi ndikachite za bizinesi. Koma kuti? Pa Facebook sukulu iliyonse imaoneka ngati kumwamba, kapinga wobiriwira, ana akumwetulira atanyamula laputopu, ndiye ndati ayi ndikaone ndekha.

Ndinayambira pakhomo pompano, ku Chanco. Inde ndikudziwa kuti chigawireni mayunivesite mu 2021 dzina ndi UNIMA basi, koma wakabaza ukamuuza kuti Chanco safunsanso kawiri. Anandilandira ndi msuweni wanga amene akuchita economics, amakhala ku Chikanda, tinayenda kudutsa pa Great Hall mpaka ku laibulale, kamphepo kakutsika kuphiri, mitengo, bata, mtima wanga unangoti apa ndiye pamalo, nsima ndizidzadya ya kunyumba, lenti palibe. Kenako ndamufunsa zomwe amaphunzira, wanditsegulira kope, abale, masamu okhaokha ndi mizere yopingasana. Akuti "asisi, ife kuno timaphunzira chifukwa chimene shuga wakwerera mtengo dziko lonse, osati mmene inu mungagulitsire shuga wanu pa Chinamwali." Ndinaseka koma zinandilowa. Chomwe ndikufuna ine ndi chachiwiricho.

Cha m'ma 10 ndinali pa depoti. Minibasi ya ku Limbe kondakitala akuti watsala mmodzi, mmodziyo tinamudikira mpaka ine kugula chimanga chootcha nkuchimaliza. Thondwe, Namadzi, Njuli, paliponse kuima, ndipo ine njira yonse ndimangowerengera m'mutu kuti makilomita pafupifupi 70 amenewa ndikasankha makalasi a pa wikendi ku Blantyre ndiye kuti ndi anga sabata iliyonse, kupita ndi kubwera, mvula kaya dzuwa.

MUBAS, yomwe tonse timangoti Poly, ndi dziko lina. Msewu wa Chipembere uli pamphuno, magalimoto osatha, chipatala cha Queens chili chapompo, anthu akuyenda ngati achedwa kwinakwake. Ku ofesi mayi wina anandifotokozera bwinobwino za Accountancy ndi Business Administration, nkundiuza kuti anthu ngati ine amene tili ndi dipuloma ndipo tagwirapo ntchito timalowera khomo la mature entry, tizingotchera khutu akalengeza. Koma zenizeni ndinazimva panja, kwa mtsikana wina amene tinakhala naye pakakhoma tikudya tchipisi cha m'jumbo. Ndinamufunsa za aphunzitsi, iye anangoti aphunzitsi alibe vuto, funsani za pogona. Anzake ena amachita lendi ku Chitawira, ena mpaka ku Ndirande, ndipo akuti ukaphatikiza lenti, makala, ndiwo ndi bandulo ya intaneti, fizi imayamba kuoneka ngati yaing'ono. Zimenezi pa kapepala kokongola kaja salembapo.

Ndinadutsanso pa Malawi College of Accountancy poti ndi pa Ginnery Corner pomwepo, sindinakhalitse, ndangotenga mapepala. Amalume akhala akundiumiriza kuti ndingopitiriza mayeso a ukatswiri wa akaunti a ICAM kapena ACCA ndisiye za digiri, akuti wa akaunti amadziwika ndi mapepala amenewo. Mwina akunena zoona, kaya.

Tsono chomwe chandipsetsa mtima ndi sukulu ina yapulaiveti, dzina sinditchula, yomwe mnzanga wa kutchalitchi ananditumizira pa WhatsApp. Kufika, ili pamwamba pa mashopu, masitepe amdima, kalasi imodzi ndinasuzumiramo mipando yapulasitiki ndi bolodi basi, laibulale yake ndi shelefu ziwiri kuseri kwa mlembi. Zimenezo ndikanapirira, sukulu si nyumba. Koma bambo wa tayi amene anandilandira, ulemu wake wosaneneka, "khalani apa achemwali, mumwa madzi?", nditangofunsa kuti kodi digiri ya bizinesiyi ndi yovomerezeka ndi NCHE, nkhope inasintha. Akuti zili m'njira. Ndati njira yake iti, akuti musadandaule, pomwe muzidzamaliza zidzakhala zitatheka, chachikulu lipirani ya fomu lero pa Airtel Money malo asanathe. Malo ake ati, mipando inali mbwee yopanda anthu! NCHE ndi bungwe lomwe limaunika masukulu a ukachenjede, ndipo msuweni uja anali atandichenjeza m'mawa kuti osangofunsa za sukulu, uzifunsa za pulogalamu yeniyeniyo imene ukufuna, chifukwa zimavomerezedwa payokhapayokha. Ndinathokoza madziwo nkutsika masitepe.

Ku Nguludi, ku yunivesite ya Katolika, ndimafuna ndifikeko koma dzuwa linali litapendeka ndipo m'chikwama munatsala ya thiransipoti yokha.

Kufika kuno ndapeza amayi akutseka golosale. Ndawafotokozera zonse, za Poly, za bambo wa tayi anaseka mpaka kutsokomola, kenako ali phee nkundifunsa kuti "nanga Loweruka pakauntala pazikhala ndani?" Loweruka ndiye tsiku lomwe timagulitsa kwambiri, ndipo maso awo masiku ano manambala a m'buku la ngongole sakuwaona bwino. Ndinalibe choyankha. Ndatenga buku lomwelo, kumapeto kwake ndajambula mizere itatu, fizi, thiransipoti, pogona, ndipo wachinayi ndangolemba kuti Loweruka, sindikudziwa kuti ndiikepo ndalama zingati.

Amalume akuti Lachisanu akupita ku Limbe kukaoda simenti, ndiwapempha anditenge ndikatsikire kumeneko ndikaone Nguludi. Amayi akuitana, nsima yazizira kachiwiri.