Nkhuku ija sinameze batire

Amene munandiona Lachitatu lija pa Nchalo ndikuthamangitsa nkhuku ya eni, sikuludiraiva m'manja, malaya kulibe, lekani kufalitsa zoti dzuwa la Okutobala landizunguza mutu. Ndinali pa ntchito. Ndimakonza kompyuta.

Linayambitsa ndi dyera. RAM yanga, mosungira kwa kanthawi zomwe kompyuta ikugwira, ndi DDR4, ziwiri za 8GB, pa paketi analemba liwiro la 3200. RAM yotere ukangoiika osakhudza kanthu imayenda pa 2133 ndi mavolti 1.2 basi. Kuti ifike pa 3200 umadina Delete kompyuta ikungoyaka, n'kulowa mu BIOS, momwe umasinthira kayendedwe ka zida za kompyuta, n'kuyatsa XMP, dongosolo la liwiro lomwe opanga RAM anaikamo kale, ndipo yokha imakweza mavolti kufika 1.35 n'kuika matayimingi, nthawi zomwe RAM imadikira isanayankhe, pa 16-18-18-38. Zinayenda choncho miyezi popanda vuto. Koma tsiku lija vidiyo ya ukwati wa ku Ngabu inkatuluka ngati ngolo ya ng'ombe yodzaza thonje, eni ake akuimba foni kosalekeza, ndiye ndinati 3200 ndi ya ana. Ndinalemba 3800 ndi dzanja langali, matayimingi osamasula, mavolti osawonjezera, purosesa ili Ryzen 5 3600 yomwe eni ake amangolonjeza 3200. F10, Enter.

Mafani anazungulira. Sikirini bii. Inazima, n'kuyakanso, katatu konse, kenako kanyali kamodzi kanangoti nganga pa motherboard, board yaikulu yolumikiza zida zonse, pomwe alemba DRAM, kusonyeza kuti yakakamira pa RAM.

Ndidziikire kumbuyo pang'ono: sindinapupulume. Kuzimazima kumeneko si imfa. Board imakhala ikuyesa kumvanitsa RAM ndi purosesa pa liwiro latsopanolo, ndipo ma board ambiri akalephera kangapo amabwerera okha ku zakale, bola uwasiye mphindi ziwiri zitatu osagwira. Ine ndinadikira mpaka botolo la thobwa kutha. Yanga sinabwerere. Mayi a kunyumba analowa ndi lichero n'kuyamba kuikupiza. "Bambo a mwana, chatenthedwa ichi. Kunja ngakhale mbuzi zabisala pansi pa ngolo." Zoona, kutentha kwa kuno ku Chigwa kumatha kulakwitsa RAM yokankhidwa ikagwira ntchito nthawi yaitali, koma iyi inkakana isanafunde n'komwe. Inangosunga nambala zanga zopusa zija, ndipo nthawi iliyonse ikayaka inkayesa zomwezo.

Mankhwala ake n'kuiiwalitsa, kufufuta CMOS, momwe board imasungira zomwe unasintha mu BIOS. Umazula chingwe cha magetsi kukhoma, n'kukanikiza batani loyatsira masekondi 15 kuti moto wotsalira uthe, kenako n'kukhudzitsa nsonga ya sikuludiraiva pa timapini tiwiri tolembedwa CLR_CMOS kwa masekondi 10. Ma board a MSI amalemba JBAT1, a ASUS amalemba CLRTC. Kapena umachotsa batire lathyathyathya la pa board, CR2032, kwa mphindi zisanu. Pa yanga timapini sindinatione, ndipo batire linabisala pansi pa graphics card, khadi yotumiza zithunzi ku sikirini, ndiye ndinazula HDMI, chingwe cha ku sikiriniko, n'kuchotsa khadiyo, n'kukanikiza kachitsulo kogwira batire.

Batire lija silinatuluke ayi, linathawa. Linadumpha, kugunda tebulo, kutera chapambali ngati tayala, n'kugubuduka mwaulemu kudutsa pakati pa miyendo ya mayi a kunyumba, kutsika pakhonde, mpaka pa fumbi pomwe thadzi la agogo oyandikana nafe linkapalasa. Thadzi linapendeka mutu, kuyang'ana batire ndi diso limodzi, kundiyang'ana ine ndi linalo. Tinayang'anizana ngati anthu awiri amene atola ndalama imodzi pamsika. Ndinati, mwaulemu ndithu, "Iwe, usayerekeze." Linajompha. Fumbi linati kobo, batire osaoneka, thadzi likumeza mate mooneka kukhuta.

Zotsatira zake ndi zimene munaonazo. Tinazungulira nkhokwe kawiri, kudutsa pa mjigo, amayi akukweza ndowa m'mwamba, anyamata a kabaza akuimba mabelu ngati ndi mpikisano. Ndinaligwirira kuseri kwa chimbudzi, ndipo amene akuti ndinaliika kukhutu n'kuligwedeza kuti ndimve ngati mukulira chitsulo sakunama. Agogo anafika ndi ndodo. "Mwanawe, ngati ndi ndiwo ungopempha." Ndinawafotokozera za CMOS. Anandiyang'ana ngati wodwala malungo a m'mutu, n'kutenga nkhuku yawo.

Batire analitola ndi muphwa wanga wa Sitandade 6, pansi pa mtondo, pamene nkhuku inalikankhira. Dzina lake lomwe likunena: 2032, ndiye kuti mamilimita 20 m'lifupi ndi 3.2 kuchindikala. Sindikukhulupirira kuti likanadutsa pakhosi pa thadzi lija. Pakhosi pa mwana wokwawa limadutsa ndipo limawotcha m'kati, choncho musamalisiye pansi monga ndinachitira ine. Ubwino wake, limafunika kukhala kunja mphindi zisanu, langa linakhala 40. Board inaiwala mpaka dzina la amayi ake.

Ndinalipukuta, kulibwezera mbali ya + ili pamwamba, kubwezera khadi, kusiya RAM imodzi yokha mu A2, malo achiwiri kuchokera pa purosesa. Kuyatsa: kanyali ka DRAM kanawala n'kuzima. Sikirini bii ndithu. Apa ndinakhala pansi n'kulengeza maliro. Ndinayamba kuwerengera ya minibasi yokwera mapiri a ku Thabwa kukasaka board ina ku Limbe, mayi a kunyumba akuwerengera nawo mokweza mawu.

"Malume," muphwa uja akusuzumira kuseri, "chingwechi kale chinkalowa m'munsimu."

HDMI ndinali nditailowetsa pa motherboard. Ryzen 5 3600 ilibe graphics m'kati mwake, bowo limenelo ndi chokongoletsa chabe. Nditasamutsira pa khadi, sikirini inati ngwee, ikupempha F1.

Mu BIOS ndinakonza tsiku ndi nthawi, chifukwa zikasokonekera masamba a pa intaneti amakana kutseguka, ndinaonetsetsa kuti SSD, mosungira mafayilo, ndiyo yoyamba poyaka, n'kuzimitsa, kubwezera RAM yachiwiri mu B2, malo achinayi, kuyatsa XMP, 3200, manja m'thumba. Wofuna kupitirira apo azikwera pang'onopang'ono, 3333, kenako 3400, amasule CL, nambala yoyamba ya matayimingi, kufika 18, mavolti asapitirire 1.40 ngati sakudziwa ma chip a RAM yake, ndipo akasintha chimodzi aziyesa ndi MemTest86, pulogalamu yoyesera RAM ya pa flash, maulendo anayi asanakhudze china.

Ine MemTest86 ili pa ulendo wachiwiri magetsi anazima. Vidiyo ya ku Ngabu ndinaipereka Loweruka. Agogo akuti thadzi lawo lasiya kuikira, ndipo akubwera madzulo ano kuti tikambirane.