Mulungu wogubuduza ndowe anatsala pang'ono kundithetsera banja

Ku Luxor, mzinda wa ku Egypt, tinapita awiri, ine ndi madamu, ndiye gaidi wathu anatidzutsa kusanache eti tikafike ku kachisi wa Karnak dzuwa lisanayambe kuwotcha. M'galimoto akungolongolola za Khepri. Akuti Aigupto akale dzuwa la m'mawa ankalitcha Khepri, likafika pamutu ndi Ra, likamakalowa ndi Atum. Khepriyo pazithunzi thupi ndi la munthu koma mutu wonse ndi chikumbu, chija chimagubuduza ndowe chamfutambuyo. Anthuwo poona chikukankha kampira kake anati basi, dzuwanso pali amene amalikankha chonchi kumwambaku, ndipo poona tiana tikutuluka m'dothi popanda kholo anati ameneyu anadzilenga yekha, ndi mlengi. Ine ndinaseka mpaka madamu kunditsina.

Mkatimo pafupi ndi dziwe lopatulika pali chikumbu chachikulu chosema pamwala, chakhala pamwamba pa chipilala, cha nthawi ya Farao Amenhotep III, zaka zoposa 3,300 zapitazo. Ndiye ndikuona azungu, ma China, aliyense akuchizungulira ngati ng'ombe zopuntha mpunga. Gaidi akufotokoza ine ndinangotolapo mawu amodzi, mwayi. Aaa! Munthu ndili ndi katapila kumudzi, ulendo womwewu ndi wangongole, ndingasiye mwayi waulere? Yemwe uja ndimaseka m'galimoto ndinapatsira madamu botolo la madzi nkulowa pamzere.

Ndinazungulira ndi mtima wonse abale, chipewa m'manja, pakamwa ndikutchula mayina a onse ondikongoza. Katatu ndinaona kuti sikakwana ngongole zake, ndinapitiriza mpaka kasanu ndi kawiri, thukuta kamukamu, mutu ukuzungulira. Pomaliza gogo wina wachizungu anandiombera m'manja, gaidi akumwetulira mpaka mano onse panja, nkufunsa madamu kuti kodi awa ndi achimwene anu?

Madamu anati ayi ndi amuna anga, bwanji?

Gaidi kumwetulira kuja kunathera pomwepo. Akuti katatu ndiye ka mwayi, kasanu ndi kawiri amazungulira ofuna banja. Izitu nzongokamba magaidi a masiku ano, wina amakuuza zina winanso zina, ansembe a Khepri sankawerengera anthu maraundi, koma kafotokozereni zimenezo mzimayi amene wakhala akuwerenga yekha ndi zala.

"Bambo aawa, ndiye mwandikweza ndege kuti ndidzaonerere mukupempha wachiwiri?"

Ndinati mayi dikirani ndifufute. Ndinayamba kuzungulira chobwerera, chamfutambuyo ngati chikumbu chomwecho, kuti mwina zibwerere pa katatu. Raundi yoyamba isanathe ndinaponda phazi la bambo wina wamkamera waukulu, iye kukuwa m'chilankhulo chake, ine phii pansi chagada, skuna imodzi uko, foni uko, ana asukulu achi Egypt omwe anabwera ndi aphunzitsi awo kufa nako kuseka, wina mpaka kujambula.

Madamu sanandidzutse. Anandiponyera chikwama chawo pamimba, kumanga bwino chitenje, nkulowa pamzere. Ine ndili pansi pomwepo ndikuwerenga, katatu, kanayi, sakuima, kasanu. Ndinakuwa kuti mayi mwapitiriratu! Anangotembenuka nkuti, "Gwirani chikwamacho bwino, kwatsala kawiri."