Laputopu yanga inkauma: mmene ndinapezera kuti vuto ndi hard disk

Laputopu ikayamba kuuma, pafupifupi aliyense amene mwamudandaulira amakuuzani zofanana: "Imeneyo ndi vairasi, kaifomatitseni." Ine sindinathamangire kumeneko, chifukwa mkati mwake munali maakaunti a magolosale ndi masaluni amene ndimawasungira mabuku kuno ku Chilomoni, komanso zithunzi za pabanja zomwe sizinali kwina kulikonse. Yanga ndi HP yakale ndithu, ndinaigula kwa wina monga timachitira ambiri, ndipo inali ndi Windows 10.

Poyambira panga panali kuonetsetsa mmene inkaumira. Siinkazima ayi. Kamuvi ka mausi kankayendabe, koma ndikadina chilichonse panalibe chochitika. Kagetsi kakang'ono ka m'mbali kosonyeza kuti disiki ikugwira ntchito, m'malo mothwanimathwanima, kankangoyaka osalekeza. Pakapita kanthawi, zonse zimene ndinadina zija zinkatsekuka pakamodzi. Ndikasendeza khutu pafupi ndi pomwe dzanja limatsamira, ndinkamva kaphokoso kobwerezabwereza, tiki, tiki, tiki, kenako zii. Kuuma kotereku nkosiyana ndi kwa laputopu yotentha, imene fani yake imalira kwambiri, pansi pake nkumawotcha, kenako nkuzima yokha.

Itangotsitsimuka ndinadina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti nditsekule Task Manager, pomwe Windows imaonetsa mmene kompyuta ikugwirira ntchito, nkupita pa Performance. CPU inali pansi, Memory inali isanadzaze, koma Disk inali pa 100% osatsika. Chomwe chinandiopsa si 100% yokhayo, chifukwa hard disk yabwinobwino imathanso kufika pamenepo Windows ikamadzikonza. Chinandiopsa nchakuti disikiyo inkaoneka yotanganidwa chonchi koma liwiro lowerengera linali pafupi ndi ziro, ndipo pa Average response time manambala ankakwera kufika masauzande a ma millisecond. Disiki yathanzi imayankha m'ma millisecond ochepa chabe. Mkati mwa hard disk ya laputopu muli mbale yozungulira, kawirikawiri maulendo 5,400 pa mphindi, ndi kasingano kowerenga kamene kamayandama pamwamba pake osaigunda. Malo ena pambalepo akawonongeka, kasinganoko kamabwerera pomwepo mobwerezabwereza, ngati munthu amene akuyesetsa kuwerenga mzere wa m'kope lomwe linanyowa ndi mvula, ndipo Windows yonse imaima kudikira yankho.

Apa ndipomwe ndikufuna mundimvetsetse. Nditangoona zimenezi ndinasiya kufufuza, nkuyamba kupulumutsa mafayilo. Disiki yomwe ikufa sichenjeza kuti yatsala ndi nthawi yochuluka bwanji, ndipo chilichonse chimene mukuilamula kuti iwerenge chikuifupikitsira moyo. Malangizo ambiri pa intaneti amati muyambe ndi chkdsk /r. Ine ndikuti ayi, osati musanakopere zinthu zanu. Lamulo limenelo limawerengetsa disiki yonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto kwa maola ambiri, ndipo disiki yofooka ikhoza kuthera momwemo.

Ndinadikira nthawi yomwe magetsi anali atangoyaka, nkutchajiratu batire mpaka kudzaza, kuti akathima ntchito isadukire pakati. Laputopu ndinaiika patebulo, osaisunthanso, chifukwa kugwedeza hard disk ikuzungulira ndi kumene kumakanditsa mbale ija. Pokopera pa fulashi, sindinakoke foda yonse ya Documents kamodzi. Ndinayamba ndi mafayilo a Excel a makasitomala, amene ndi ang'onoang'ono koma ndiwo amandidyetsa, kenako makalata, zithunzi pambuyo, foda imodzi imodzi. Mafilimu ndi nyimbo ndinazisiya dala. Penapake kukopera kunkaima, nkubwera uthenga wakuti "Data error, cyclic redundancy check". Pamenepo osalimbana nayo: dinani Skip, lembani dzina la fayiloyo papepala, pitirirani. Mukakakamira pa fayilo imodzi yokana mukhoza kutaya mazana amene akanatuluka bwinobwino.

Kunena za fulashi, chenjerani ndi zija zotchipa modabwitsa zogulitsidwa m'mbali mwa msewu. Zina zimalembedwa kuti 64 GB pamene mkati mwake ndi zazing'ono kwambiri, ndipo zimalandira mafayilo ngati zonse zili bwino, koma pokatsekula mumapeza ndi zinyalala. Ine ndinakatsekula mafayilo angapo pakompyuta ya mnzanga kuti nditsimikize, ndipo ofunikitsitsawo ndinawatumizanso ku Google Drive, komwe munthu amapatsidwa 15 GB ulere.

Mtima utakhala pansi, ndinabwerera kukafufuza. Hard disk iliyonse imasunga yokha mbiri ya thanzi lake, imene amaitcha SMART, ndipo kapulogalamu kaulere kotchedwa CrystalDiskInfo kamaiwerenga. Ndi kakang'ono, sikadya bandulo. Kamaonetsa Good mumtundu wa buluu, Caution mwachikasu, kapena Bad mofiira. Yanga inali yachikasu. Mizere iwiri ndiyo inali ndi kadontho kachikasu: 05, Reallocated Sectors Count, yomwe imawerenga malo owonongeka amene disiki yawasiya kale nkusamukira kumalo osungira padera, ndi C5, Current Pending Sector Count, yomwe imawerenga malo amene yalephera kuwawerenga ndipo ikuwakayikira. Muziyang'ana kumapeto kwenikweni, pa Raw Values. Pa disiki yathanzi, pamizere iwiriyi pamakhala maziro okhaokha. Ndinajambula sikirini ndi foni, ndipo nditayang'ananso tsiku lina nambala ya C5 inali itakwera. Disiki ikhoza kukhala ndi malo ochepa owonongeka nkugwirabe ntchito, koma nambala ikamakwera ndiye kuti kuwonongekako kukupitirira.

Umboni wina ndinaupeza mu Event Viewer, momwe Windows imalemba zochitika m'kompyuta, pa Windows Logs kenako System. Munali mizere yambiri yochokera ku disk, ina ya Event ID 7 yonena kuti disiki ili ndi bad block, kutanthauza malo owonongeka, ina ya 153 yosonyeza kuti Windows inachita kubwereza pempho lake. Nthawi zolembedwa pamizereyo zinkagwirizana ndi nthawi zimene laputopu inkauma.

Komabe ndinafuna kuyeza popanda Windows, kuti wina asadzanene kuti vuto ndi mapulogalamu. Pa HP mumadina Esc ikangoyaka, kenako F2, ndipo mumafika pomwe makinawo amadziyeza okha. Pa Dell ndi F12 nkusankha Diagnostics. Memory inapambana. Hard disk inalephera pa Short DST, mayeso aafupi a mphindi zochepa chabe. Nachonso ndinachijambula.

Popeza unali mwezi wa Okutobala, Blantyre itatentha ndiponso fumbi lili paliponse, sindinanyalanyaze za kutentha. Mpweya wotuluka m'mbali unali wochepa, choncho ndinaganiza kuti fani ikatsukidwe nthawi yomweyo pokatsekula makinawo. Laputopu zambiri kuno zimavutika ndi zimenezi, makamaka zogwiritsidwa ntchito pabedi kapena pabulangete, pomwe timabowo ta pansi timatsekeka.

Ndinakwera minibasi kupita ku Limbe, kwa mnyamata wina wokonza makompyuta amene anzanga anandilozera. Ndisanamalize kufotokoza anati, "Achemwali, imeneyi tingoifomata, mawa mudzaitenga ili bwino." Ndinatulutsa foni nkumuonetsa zithunzi zija. Anaziyang'anitsitsa, nkukulitsa pa C5 paja ndi zala, kenako anati, "Aaa, apa ndiye mwabwera mutamaliza kale ntchito. Disikiyi yapita. Tikaifomata idzakupusitsani kwa masabata ochepa basi." Ndinamulemekeza chifukwa cha kuvomera kumeneko. Kufomata kumafufuta zinthu, sikukonza mbale yokandika.

Tinagwirizana zoikamo disiki ya mtundu wina yotchedwa SSD, ya mainchesi 2.5 ya SATA, yomwe imalowa pamalo pomwe panali hard disk popanda kusintha kanthu. SSD ilibe chozungulira mkati, ndiye siopa mabampu a mumsewu ikakhala m'chikwama, ndipo imafulumira kwambiri. Ndinati, "Achimwene, musanaimange, tiione kaye pa CrystalDiskInfo." Sanakhumudwe. Anailumikiza pakompyuta yake, ndipo pa Power On Hours, pomwe pamaonetsa maola amene disiki yakhala ikuyaka, panali pafupi ndi ziro, kusonyeza kuti ndi yatsopanodi. Funso limeneli muzifunsa popanda manyazi, chifukwa SSD yakale ndi yatsopano sizisiyana kunja.

Anandifunsa ngati ndikufuna asamutse zonse za m'disiki yakale monga ziliri, zimene amati cloning. Ndinakana. Njira imeneyo ndi yabwino disiki ikakhala yathanzi, koma pa yanga ikanatengera mafayilo a Windows owonongeka kupita nawo kwatsopano, mwinanso kuimira panjira. Tinaika Windows yatsopano kuchokera pa fulashi. Amene mukufuna kudzipangira nokha, Media Creation Tool, pulogalamu ya Microsoft yoikira Windows pa fulashi, imafuna fulashi yosachepera 8 GB, ndipo imafufuta zonse zimene zili pa fulashiyo. Imakokanso ma GB angapo pa intaneti, choncho konzekerani bandulo yokwanira. Windows inadzitsimikiza yokha itangolumikizidwa pa intaneti, popeza laisensi yake imamangiriridwa ku bodi ya laputopu, osati ku disiki. Pochotsa fani, mnyamata uja anatulutsa kachiguduli ka fumbi kolimba kamene kanatseka potulukira mpweya ponse, nkundionetsa padzanja.

Disiki yakale musaisiye kushopu. Muli zithunzi za ziphaso zanu, mapasiwedi osungidwa m'burawuza ndi zinsinsi za anthu ena, kwa ine ziwerengero za ndalama za makasitomala. Ndinagula kakesi ka USB, nkuiikamo, ndipo kunyumba ndinayesanso mafayilo aja ndinalemba papepala. Ena anatuluka, popeza tsopano disikiyo sinkanyamulanso mtolo woyendetsa Windows. Ena anakaniratu, kuphatikizapo buku la saluni ina la miyezi ya posachedwa, limene ndinalilembanso kuchokera m'malisiti amene mwini wake ankasunga m'kabokosi.

Chatsala ndi nkhani ya Windows yeniyeniyo. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa yomwe, ikakhala ya Intel, iyambire m'badwo wachisanu ndi chitatu, pamene yanga ndi yakale kuposa pamenepo. Ndayamba kuyeserera Linux Mint, yomwe imayendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, kuchokera pa fulashi, kuti ndione ngati LibreOffice, pulogalamu yogwira ntchito ngati Excel ndi Word, ingatsekule bwino mabuku anga a Excel ndisanasankhe chochita.